Simenti M'mimba mwa Dalaivala

Sikelo sinama. Zimenezo ndimazidziwa bwino. Ndine dalaivala wa thiraki, zaka khumi ndi zinayi pamsewu. Masikelo a magalimoto ndawakwera osawerengeka. Sindinakanganepo nawo.

Koma tsiku limenelo ndinakangana ndi kasikelo ka anthu.

Munali m'kachipatala ka kampani yathu. Kachipinda kamodzi kuseri kwa galaja. Bedi, tebulo, kabati ya mankhwala, sikelo pakona. Chaka chilichonse dalaivala aliyense amayezedwa mmenemo. Maso, magazi, kulemera kwa thupi. Mphindi khumi, a nesi adinda pepala, wapita.

Ndinavula nsapato. Ndinakwera.

"Makilo 98," anatero a nesi.

"Yafa sikelo iyi."

"Sinafe. Tsikani mukwerenso."

Ndinachotsa makiyi m'thumba. Foni. Lamba. Ndinakweranso.

"98 yomweyo. Muvulanso chiyani, bambo? Chaka chatha munali 87."

Anandimanga kansalu koyezera magazi kaja pamkono. Kanafufuma, kanaphwa. Anayang'ana manambala, anandiyang'ana ine. Anayezanso kachiwiri. Sanaseke.

"Magazi akuthamanga. Bipi yakwera. Ndi manambala awa sindingadinde pepala la maulendo aatali."

"A nesi, inetu sindidya nyama."

"Sindinafunse zimenezo."

"Nyama, nsomba, mazira, mkaka. Zonse ndinasiya. Miyezi isanu tsopano. Ndinganenepe ndi chiyani? Mphepo?"

"Ndiye mphepo yake ndi yamafuta. Tamverani. Ndikukupatsani masabata asanu ndi atatu. Pakadali pano muziyenda m'tauni mokha, kupita n'kubwerako tsiku lomwelo. Mukadzalepheranso, lamulo la kampani mukulidziwa."

Ndinkalidziwa. Dalaivala wolephera kawiri amamuika pageti. Kukweza chitsulo, kutsitsa chitsulo. Anzako akudutsa n'kumakulizira hutala.

"Takhalani pansi tikambirane zomwe mumadya," anatero a nesi.

"Ndachedwa."

Sindinachedwe. Ndinakwiya chabe.

Pageti panali mdala wina amene timamutchula kuti a Giya. Kale anali dalaivala, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kubweza thiraki chammbuyo. Tsopano amakhala pampando wapulasitiki, miyendo yotupa, wailesi pambali. Nkhani inali itawapeza kale. Nkhani za padepoti zimayenda kuposa mathiraki.

"Mphwanga," anatero, "ndikapemphe mpando wachiwiri?"

Ndinangodutsa.

Ine kukhala malo amodzi sinditha. Ndikagona kunyumba masiku atatu mapazi amayabwa. Ndinabadwira m'tauni, koma tauni imandipanikiza. Ndimafuna msewu wautali, wongoti see, mawilo akuimba. Kundiika pageti ndi kundikwirira wamoyo.

Ndifotokoze za nyamazo. Sindinasiye chifukwa cha tchalitchi. Sindinasiye chifukwa cha dokotala. Ndinasiya chifukwa cha ng'ombe.

Miyezi isanu m'mbuyomo anandipatsa katundu wamoyo. Ng'ombe makumi atatu, kupita nazo kokazipha. Masiku awiri pamsewu, dzuwa likuswa mtengo. Zinalira njira yonse. Titafika, imodzi inali itagwa, zinzake zitaiponda. Inkapumabe. Inandiyang'ana. Zina sindinena.

Ndinafika kunyumba n'kulumbira. Chamagazi sindidyanso, ngakhale chochokera kwa chamagazi. Ndipo ndinadzipangira lamulo langa, lalifupi, losavuta kulikumbukira pamsewu: chopanda magazi chilibe mlandu.

Tchipisi alibe magazi. Buledi woyera alibe magazi. Madonasi ndinkafunsa kaye ngati mulibe dzira kapena mkaka. Akati mulibe, ndinkagula asanu. Zakumwa zotsekemera, botolo lalikulu. Tiyi wa masupuni anayi a shuga. Zonse zosalakwa. Chodabwitsa chinali chimodzi. Njala siinkatha.

Tsiku la sikelo lija ndinafika kunyumba masana. Akazi anga ndi telala. Amasokera pabalaza, makina pafupi ndi zenera, tiziduswa ta nsalu paliponse. Pasofa panali patakhala alamu anga, achimwene awo a akazi angawo. Ali ndi butchala kumsika. Munthu wosatseka pakamwa.

"Mwabwera msanga bwanji?" anafunsa akazi anga.

"Andikaniza chidindo. Akuti ndanenepa. Akuti bipi."

Anaimitsa makina.

"Ndinanena ine. Buluku la yunifolomu ndalikuza katatu. Nsalu yatha m'mbalimu. Kachinayi ndidzaphatikizamo katani."

Alamu anawomba m'manja.

"Alamu! Munasiya nyama kuti musanduke nyamayo? Makilo angati?"

"98."

"Iii! Mukafika handiredi mundiuze. Ndili ndi ngowe yopanda ntchito kubutchala."

"Achimwene, tasiyani," anatero akazi anga, koma mapewa akugwedezeka.

"Ndikunama? Ng'ombe imadya udzu wokhawokha, koma taonani thupi lake. Alamu, bwererani kwanu. Kachiwindi kokha. Ndikupatsani ulere."

"Ndinalumbira."

"Munalumbirira ng'ombe. Ng'ombeyo tinadya kalekale."

Ndinalowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Zinandikwana.

Mankhwala ndinawapeza ndekha. Njala. Ngati chakudya chandinenepetsa, ndisiye chakudyacho. Ndinauza akazi anga kuti kuyambira mawa ndi kabichi wowiritsa basi. M'mawa tiyi wopanda kanthu.

"A nesi anatero?"

"Ndatero ine."

"Chabwino, a dokotala."

Lolemba ndinanyamuka wopepuka ngati mngelo. Naini koloko mimba inayamba kulankhula. Teni koloko manja akunjenjemera pachiwongolero. Pamaloboti ndinatukwana munthu wanjinga amene sanalakwe chilichonse. Masana ndinafika kosungira katundu. Anati ndidikire maola awiri, opakira ali ndi mathiraki ena.

Kunja kwa mpanda kuli mayi wina wokazinga tchipisi. Fungo la mafuta ake limadziwa dzina langa. Linandiitana. Ndinakana. Linandiitananso.

Mapepala awiri a tchipisi. Madonasi anayi. Botolo limodzi. Zonse zinatha ndili chiimire.

Madzulo ndinadya kabichi wanga patebulo, nkhope yoyera ngati ya munthu wosala kudya.

Zinayenda choncho masabata awiri. M'mawa mngelo, masana fisi, madzulo mngelo. Ukali unakula. Ndinakalipira makaniko. Ndinakalipira akazi anga chifukwa cha supuni yogwa pansi. Ndinakalipira ngakhale wailesi. Tsiku lina ndinakwera mobisa sikelo ya mapaselo padepoti.

99.

Abale inu! Kabichi masabata awiri, n'kuwonjezera kilo?

Chimene chinandigwiritsa ndi chovundikira mpando. Cha m'thiraki mwanga chinali chitang'ambika, ndipo akazi anga analonjeza kusoka china. Lachinayi m'mawa anatulukira padepoti, tepi ili m'khosi. Anakwera kutsogolo kuti ayeze mpando. Ndinaiwala za kuseri kwa mpandowo.

Anapisa dzanja. Linatuluka ndi pepala lonyowa ndi mafuta. Anapisanso. Lina. Botolo. Botolo lina.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anatenga thumba limene anabweretsera nsalu, n'kuyamba kulongedza chimodzichimodzi, mwaulemu, ngati zovala za kutchalitchi.

"Mayi, ndifotokoze."

"Kabichi uja ndimadula ndi manja anga awa. Ndimakumverani chisoni. Dzana ndinauza achimwene kuti akusiyeni, mukuvutika. Kani mukuchita phwando kuno?"

"Njala, mayi."

"Kachipatala kali kuti?"

"A nesi amatanganidwa m'mawa."

"Kali kuti?"

Anatsogola. Ine pambuyo, ngati ngolo. Amakaniko anasiya masipanala n'kumationerera.

A nesi anayala nyuzipepala patebulo. Akazi anga anakhuthula thumba lija. Mapepala mulu. Mabotolo khumi ndi limodzi. Kachipinda konse kananunkha mafuta.

"Ndiye mphepo ija ndi iyi," anatero a nesi.

"Koma mulibe nyama mmenemo," ndinatero. "Chopanda magazi chilibe mlandu."

"Anakuuzani ndani?"

"Ndinaganiza ndekha."

"Safunsa anadya phula," anatero akazi anga. "Awa adya tchipisi."

"Fodya ali ndi magazi?" anafunsa a nesi.

"Ayi."

"Ndiye alibe mlandu?"



A nesi amenewa agwira ntchito padepoti zaka zisanu ndi zinayi. Nkhani za madalaivala amazimva tsiku ndi tsiku kudzera pazenera. Anakoka mpando n'kundilozera.

"Sindikukuuzani kuti mubwerere ku nyama. Chimenecho ndi chisankho chanu, ndipo munthu atha kukhala wathanzi osadya nyama. Koma tandiuzani. Sabata ino mwanyamula chiyani?"

"Lolemba simenti. Dzulo matiresi."

"Simenti mumadzaza ngolo mpaka kudenga?"

Ndinaseka. Funso la munthu wosadziwa ntchito.

"Mungaphe thiraki. Simenti ikafika m'mawondo ndiye kuti yakwana. Mukawonjezera, sikelo ikugwirani."

"Ngolo imaoneka bwanji pamenepo?"

"Ngati mulibe kanthu."

"Nanga matiresi?"

"Amenewo mpaka kudenga. Chitseko kuchita kukankha ndi phewa. Pasikelo amangoti dutsani."

"Eya. Mimba yanu ndi ngolo, bambo. Imamva kudzaza. Kulemera kwa katundu siikumva. Mafuta okazingira, shuga, buledi woyera, zakumwa izi, zonsezi ndi simenti. Zimatenga malo ochepa, koma n'zolemera kwambiri. Mukadya, mimba imati mulibe kanthu muno, wonjezerani. Inu n'kuwonjezera. Miyezi isanu mwakhala mukupakira simenti mpaka kudenga."

Ndinayang'ana mulu wa mapepala uja. Ndinayang'ana mimba yanga. Ine, munthu amene ndimakalipira opakira akaposa muyeso ndi matumba awiri okha.

Komabe sindinagonje msanga.

"Nanga kabichi? Si matiresi amenewo? Ndadya masabata awiri. Wandithandiza chiyani?"

"Matiresi okhaokha, m'thanki mulibe dizilo. Mungafike kuti? N'chifukwa chake teni koloko mukunjenjemera, masana n'kuthamangira tchipisi. Pamene munasiya nyama ndi mazira, munachotsa chakudya chimene chinkakukhalitsani okhuta. M'malo mwake munaikamo chiyani?"

"Madonasi," anayankha akazi anga.

"Ndimafunsa iwowa, mayi."

"Madonasi," ndinatero.

A nesi anatenga pepala lakale la katundu, analitembenuza, anajambula mbale. Anaidula pakati. Theka limodzi analidulanso.

"Theka lalikululi, masamba ndi zinzake. Kabichi yemweyo, karoti, tomato, mabilinganya, zitheba, zilizonse zopezeka pamsika. Awa ndiwo matiresi, musawaope. Mbali iyi, zomanga thupi. Nyemba, nandolo, mphodza, khobwe, soya. Zimenezi zimachedwa kugayika, ndiye zimakusungani okhuta nthawi yaitali. Zisasowe pa chakudya chilichonse. Mbali yotsalayi, zopatsa mphamvu, koma zosachotsedwa gaga. Mpunga wabulauni, buledi wabulauni, phala la oti, mbatata ya kachewere yowiritsa ndi makoko ake."

"Mbatata ndi tchipisi n'chimodzimodzi," ndinatero.

"Yowiritsa ndi mbatata. Yokazinga ndi mbatata yomwa mafuta. Finyani pepala ili muone."

Sindinafinye. Ndinkaliona.

"Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Mchere muchepetse, chifukwa cha bipi. Ludzu ndi madzi. Mukafuna chotsekemera, idyani chipatso chenicheni, lalanje kapena nthochi, osati cha m'botolo. Mtedza ndi mapeyala n'zabwino, koma nazonso n'zolemera. Mtedza kadzanja kamodzi. Ndipo m'mawa muzidya. Osanyamuka ndi tiyi yekha ngati mukudzilanga."

"Ndiye ndizidya kwambiri kuti ndichepe?"

"Muzidya zokhutitsa. Munthu wanjala sasankha. Wokhuta ndiye amasankha."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kabotolo.

"Ichi musaiwale. Pali vitamini ina, B12, imene imapezeka m'zakudya zochokera ku nyama. M'nyemba ndi m'masamba simungaidalire. Aliyense amene wasiyiratu nyama, mazira ndi mkaka ayenera kumwa mapiritsi ake, kapena kudya zakudya zimene anaithiramo kufakitale. Ikasowa, magazi amachepa, manja ndi mapazi amachita dzanzi. Dalaivala wa mapazi a dzanzi sindimufuna pamsewu."

Akazi anga anakweza dzanja ngati kusukulu.

"A nesi, ine ndili ndi funso. Miyezi isanu ndikuphika miphika iwiri. Wa ana ndi ine, wa awa. Makasitomala akudikira madiresi. Tsopano mwawonjezera nyemba tsiku lililonse. Ndizisoka nthawi yanji?"

"Nyemba ndi za banja lonse, mayi. Muphike mphika umodzi waukulu, mugawe m'mabakuli, zina musunge mufiriji. Komanso bambowa manja ali nawo. Kusankha nyemba, kuziviika m'madzi, kudula kabichi, sizifuna laisensi."

"Mwamva?" anatero akazi anga.

Ndinamva.

"Lachisanu lililonse muzibwera ndikuyezeni," anamaliza a nesi. "Podikira katundu muziyenda, osagona pampando. Bipi ikapanda kutsika, ndikutumizani kwa dokotala mukayambe mankhwala. Zimenezo si zamanyazi. Zamanyazi ndi kubisa mapepala kuseri kwa mpando."

Anatsala masabata asanu ndi limodzi.

Ntchito yoviika nyemba inakhala yanga. Ndikaweruka, kusankha timiyala, kutsuka, kuviika. M'mawa kutaya madziwo n'kuthira ena. Akazi anga anandigulira mabakuli awiri otsekeka bwino ndi botolo lalikulu la madzi. Anasokanso kathumba kake, ka nsalu yotsala pa diresi la munthu wina. Ka maluwa ofiira. Ndinadandaula. Anati ndikadandaulanso asokerapo lesi yokongoletsera.

M'mawa, phala la oti, nthochi yodulira momwemo, buledi wabulauni. Masana, bakuli la nyemba, masamba ndi mbatata. Lalanje m'thumba.

Sabata yoyamba inali yovuta, osati chifukwa cha njala. Chifukwa cha nyemba. Mimba inkalira kuposa injini. Ndinayenda mawindo onse ali otsegula, mvula ikugwa. Makaniko wina anakwera kuti amve phokoso la giya. Anatsika asanalimve.

Lachisanu ndinakadandaula.

"Munayamba ndi bakuli lodzaza?" anafunsa a nesi.

"Munati zisasowe."

"Sindinati mumalize munda. Yambani pang'ono, muziwonjezera. Ziphikeni zipse bwino. Muzisinthasintha, lero mphodza, mawa nandolo. Mimba izolowera."

Inazolowera. Ndipo ndinaona chinthu chachilendo. Teni koloko inkakwana manja ali phee pachiwongolero. Masana ndinkafika kosungira katundu, fungo la tchipisi n'kundiitana monga kale. Koma tsopano linkaitana munthu wokhuta. Ndinkalipatsa moni n'kudutsa. Ndinkazungulira mpanda wonse kasanu, opakira akundiseka kuti ndataya chiyani.

Sikuti ndinasanduka woyera mtima. Tsiku lina ndinagula kapepala kamodzi ka tchipisi. Ndinadya nditamaliza bakuli langa, ndipo theka linandikanika. Ndinakaulula ndekha kunyumba. Akazi anga anandigwira pachipumi kuti aone ngati ndikudwala.

97. Kenako 96. Kenako 96 yomweyo. Sabata yotsatira, 96 yomweyonso.

Ndinapsa mtima.

"A nesi, zanuzi zasiya kugwira ntchito. Ndikuchita zonse. Nyemba, masamba, madzi, kuyenda ngati wamisala. Yaima!"

"Mtedza mukudya wochuluka bwanji?"

"Kadzanja kamodzi. Mmene munanenera."

"Kangati?"

"Kamodzi. Pa maloboti."

"Maloboti ake ati?"

"Akakhala ofiira."

A nesi anavula magalasi n'kutseka maso. Tauni yathu ili ndi maloboti ambiri. Ndipo dzanja langa ndi la dalaivala wa thiraki.

"Bambo. Kamodzi patsiku. Osati pa loboti iliyonse. Mwachotsa simenti, mwapakira njerwa."

Kuyambira tsiku limenelo akazi anga ankandiyezera mtedza m'kachivundikiro ka botolo la ulusi. Thumba lalikulu analibisa. Mpaka lero sindidziwa kuti.

Lamlungu lomaliza alamu anabwera masana ndi nyama yowotcha, itakulungidwa m'pepala. Anaitsegula pamphuno panga penipeni.

"Alamu, tanunkhizani. Kununkhiza si kuphwanya lumbiro."

"Idyani, alamu. Ine ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani? Udzu?"

"Nandolo."

Anandiyang'anitsitsa. Ankadikira ukali uja, kumenyetsa chitseko kuja. Sizinabwere. Ndinkangosenda lalanje langa.

"Mlongo," anatero, "munthu uyu mwamudyetsa chiyani? Sakupsanso mtima. Ndizicheza ndi ndani tsopano?"

Tsiku linafika. Lachisanu, naini koloko m'mawa. Akazi anga anatseka makina n'kundiperekeza. Anati akufuna adzionere okha, chifukwa mawu anga anasiya kuwakhulupirira tsiku la mapepala lija.

Pageti a Giya anatsitsa wailesi.

"Mpando uja ndapukuta, mphwanga."

M'kachipatala ndinavula nsapato. Makiyi ndinawasiya m'thumba dala. Ndinakwera.

"94."

"Yafa iyi?" anafunsa akazi anga.

"Sinafe," ndinatero ine.

Koma sikelo sinali mlandu waukulu. Mlandu unali kansalu kaja. A nesi anandikhazika pansi mphindi zisanu kuti ndipume kaye. Pazenera ndinkaona thiraki yanga, yaitali, yotsukidwa, itaima pamzere wa maulendo aatali. Dalaivala wina anali atayamba kale kuizungulira, n'kumamenya matayala ndi phazi ngati yake.

Kansalu kanafufuma. Kanafinya. Kanaphwa pang'onopang'ono.

A nesi analemba. Anayezanso mkono winawo. Analembanso. Munthu ameneyu sathamanga, ngakhale utamupempha.

"Yatsika. Yalowa m'malire."

Anatsegula dirowa. Anatulutsa chidindo. Anachipaka inki mosafulumira, ngati akupaka buledi.

Phaa!

Nyimbo ndamvapo zambiri pamsewu. Yoposa imeneyo sindinaimve.

"Sikuti zatha," anatero, atagwirabe pepala. "Makilo ena akadalipo oti achoke, pang'onopang'ono. Mwezi uliwonse muzibwera ndikuyezeni. Ndipo maulendo aatali ndiye kuli mayesero. Mulibe firiji m'thiraki."

"Ndaganiza kale. Tsiku loyamba mabakuli. Masiku enawo phala la oti, nyemba za m'chitini, zipatso za m'njira. Pamalo odyera ndizifunsa nyemba ndi masamba, zowiritsa. Akati kulibe, ndili ndi kachitofu."

"Mapiritsi aja?"

Ndinagwedeza thumba la malaya. Analira.

Anandipatsa pepala.

Madzulo ake akazi anga anatenga buluku la yunifolomu n'kulibweza msoko umodzi. Umodzi wokha. Anati iwiri inayo ndiigwirire ntchito. Alamu atamva anaimba foni.

"Alamu, makilo anayi a nyama yabwinobwino mwataya kuti? Bwenzi mutandigulitsa." Anatsokomola. Mawu anatsika. "Tandiuzani. A nesi anuwo amayeza ndi anthu akunja omwe? Si ine ayi. Ndikufunsira mnzanga."

"Mnzanuyo abwere ndi mapepala ake onse," ndinatero.

Lolemba m'mawa ndinapakira. Simenti, ulendo wa masiku anayi. Ndinaima pambali n'kumawerenga matumba. Itafika m'mawondo ndinakweza dzanja.

"Basi! Yakwana."

Kathumba ka maluwa ofiira kanali pampando wa pambali, nditakamanga lamba. Kuseri kwa mpando kunalibe kanthu. Pageti a Giya ananyamuka pang'onopang'ono, anakweza chitsulo.

"Ndiye mpando uja ndiubweze?"

"Bwezani, mdala. Ndikabwera ndidzakutengerani malalanje."

Ndinaliza hutala kamodzi. Msewu unatseguka.

Kwa inu amene munasiya nyama, mazira ndi mkaka, kaya pa chifukwa chanji, mawu anga ndi awa. Si chilichonse chopanda magazi chimene chilibe mlandu. Zokazinga, shuga, buledi woyera ndi zakumwa zotsekemera zimanenepetsa osakhutitsa. Kudzipha ndi njala nakonso sikuthandiza, kumangokubwezerani ku zomwezo. Dzazani theka la mbale ndi masamba. Nyemba, nandolo, mphodza kapena soya zisasowe. Sankhani zopatsa mphamvu zosachotsedwa gaga. Mafuta yezani ndi supuni, mtedza ndi kadzanja kamodzi patsiku. Imwani madzi, musaiwale B12, ndipo kayezetseni bipi. Pamene simukudziwa, funsani a zaumoyo musanadzipangire lamulo lanu.

Mimba ndi ngolo. Musanapakire, dziwani ngati ndi simenti.